Mwana uja si mbutuma

Achinyamata a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, 23, 25 ndi Mgona,

Tonse tikumudziwa mwana uja. Wabwereza Sitandade 3 kawiri chifukwa b ndi d amaziona zofanana. Wina m'mawa uliwonse m'mimba mumamupota, akulira kuti sapita kusukulu. Kunyumba timati ndi ulesi, ena amvekere anamulodza. M'kalasi akuti mbutuma. Mapeto ake timamupeza pa depoti akugulitsa majumbo.

Mng'ono wanga anali choncho. Tinkamukwapula, eti kuti achangamuke. Ndimachita manyazi mpaka lero.

Pulayimale yaulere inabwera mu 1994, ndipo gawo 25 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Aliyense, osati okhawo ogwira msanga. Ku Montfort, ku Nguludi, amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Nanga afika liti m'makalasi athu odzaza aja?

Sabata ino tichite izi:

1. Perekezani kholo kwa ahedi. Pemphani kuti mphunzitsi wa special needs amuone mwanayo.
2. Akakuzengerezani, lembani kalata kwa a PEA ku TDC, musunge kope.
3. Ngati mwana akumenyedwa kapena kuopsezedwa, imbani 116, ndi yaulere.

Ambirife madigiri ali m'chikwama, ntchito kulibe. Koma nthawi tili nayo. Ola limodzi madzulo, khalani pakhonde ndi mwana wa aneba, muwerenge naye modekha. Chikwapu ayi.

Tumizani uthengawu ku magulupu onse.