Nandolo wathu akufota, mbewu yopirira ili kuti?

Alimi anzathu a ku Thuchila, nandolo akafota atayamba maluwa tisathamangire kunena kuti ndi dzuwa. Ng'ambani tsinde. Mukaona mizere yakuda mkati, amenewo ndi matenda a Fusarium, omwe amakhala m'nthaka zaka zingapo. Amalowera kumizu, makamaka ikavulazidwa ndi tinyongolotsi ta m'dothi, ndipo chinyezi chikamachepa mtengo wodwalawo umauma msanga.

Amatilangiza kasinthasintha wa mbewu. Koma pa kamunda kosakwana ekala tisinthira kuti? Mbewu zopirira zilipo: Sauma kuyambira 1987, Kachangu kuyambira 2000. Bungwe lathu liumirire kuti zizifika kuno mvula isanagwe, pa mtengo woti tonse tikwanitse. Pakadali pano tizule ndi kutentha mitengo yodwala, tisaikwirire m'mizere.