Wogwira galimoto asakhalenso wodula mtengo

Pa tsiku la msika pa Nsanama, m'boma la Machinga, malo oimikapo galimoto amasowa. Malole a ogula nandolo, mpunga ndi chinangwa, maminibasi a pakati pa Liwonde ndi Ntaja ndiponso njinga zamoto za kabaza zimapanikizana m'mbali mwa msewu, zina mpaka kufika pakhomo pa golosale ya mwini kapena pabwalo la chigayo. Pamalo a malonda ngati amenewa, mwini malo akatopa amagwiritsa ntchito zomwe ali nazo: amamanga tayala ndi unyolo, amalanda makiyi, kapena amaitana galimoto ina kudzakoka yolakwayo n'kuitsekera mumpanda. Dalaivala pobwera amangouzidwa ndalama yoti apereke, ndipo akati yachuluka amayankhidwa kuti, "Ngati simukufuna, isiyeni konkuno." Apa mpamene pagona vuto. Munthu mmodzi sangakhale wodandaula, wogwira katundu, wodula mtengo, komanso woweruza ngati mtengowo uli woyenera. Makhonsolo a Machinga ndi Balaka akuyenera kulekanitsa maudindo amenewa polemba lamulo lomveka.

Tisanapite patali, tivomereze kuti mwini malo amakhala wolakwiridwa. Wagolosale amene khomo lake latsekedwa ndi lole kuyambira m'mawa amataya makasitomala, ndipo mlimi amene galimoto yofa yagona m'munda mwake sabata yonse, ikudontha oilo pamizere, ali ndi chifukwa chokwiyira. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limapatsa aliyense ufulu wokhala ndi katundu, ndipo malo ndi katundu. Koma gawo lomwelo limanenanso kuti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndipo galimoto nayo ndi katundu. Lamulolo likuteteza onse awiri. Kulakwa kwa dalaivala kumapatsa mwini malo ufulu wochotsa chomwe chamutsekera ndi kubwezeredwa zomwe wawononga pochotsapo. Sikumupatsa mphamvu yosandutsa galimoto ya mnzake chikole choti apemperepo ndalama iliyonse yomwe yamubwerera m'mutu.

Nzeru imeneyi si yachilendo kumudzi. Mbuzi ikalowa m'munda, mwini munda amaigwira n'kuimangirira, koma satchula yekha dipo. Amakauza mfumu, anthu amapita kukaona mapesi omwe adyedwa, ndipo malipiro amadulidwa poyera molingana ndi zomwe zawonongekadi. Wogwira mbuzi akaipha, kuigulitsa kapena kuisunga ndi njala, mlandu umamutembenukira. Makolo adazindikira kuti munthu wokwiya amene wagwira chamnzake m'manja sangadule mtengo wachilungamo. Galimoto ndi yodula kuposa mbuzi kutalitali, choncho n'zosamveka kuti mwambo woigwirira ukhale wopepuka kuposa wa chiweto.

Chimene chimaipitsa nkhaniyi n'chakuti awiriwa sakambirana ali ofanana mphamvu. Mnyamata wa kabaza nthawi zambiri njinga si yake. Madzulo aliwonse bwana wake amayembekezera ndalama ya tsikulo, kaya njinga yayenda kaya yagona mumpanda. Mayi amene wachita hayala galimoto kuti akagulitse tomato ku Liwonde sangadikire masiku atatu. Akuluakulu amati mlandu suola, koma tomato amaola. Pamwamba pa izo, wogwira galimoto amatha kuwonjezera ndalama yosungira usiku uliwonse, kutanthauza kuti amene akukana mtengo wosayenera amalangidwa chifukwa cha kukanako. Munthu wotere akapereka, tisanene kuti wavomera, wapanikizidwa. Ndipo poti palibe lisiti, mawa lake alibe chilichonse choonetsa mfumu, wapolisi kapena majisitileti.

Maiko ena adadutsa m'vuto lomweli ndipo adaona komwe limathera. Ku Scotland, bwalo lalikulu lidagamula mu 1992, pa mlandu wa Black ndi Carmichael, kuti kumanga tayala la galimoto pamalo a munthu n'kumafuna ndalama kuti imasulidwe ndi kuba ndi kulanda mokakamiza. Ku England ndi Wales, madandaulo okhudza makampani omanga matayala atachuluka, lamulo la Protection of Freedoms Act lidaletsa kuyambira mu Okutobala 2012 kumanga kapena kukoka galimoto pamalo a munthu popanda mphamvu yochokera kulamulo. Eni malo sadasiyidwe manja lende: adapatsidwa njira yolipiritsa mwini galimoto kudzera m'kaundula wa galimoto, ndipo madalaivala adapatsidwa kokadandaula kosakondera mbali. Sindikunena kuti tikopere zonsezo, pakuti mabwalo ndi makaundula athu sali ngati awo. Phunziro lake ndi lakuti kugwira katundu kukasanduka njira yopezera ndalama, nkhanza sizichedwa.

Ena anena kuti kukoka galimoto n'kodula, ndipo akunena zoona. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta, matayala ndi zipangizo zonse zidakwera, ndipo wokoka amene wachokera ku Liwonde kapena ku Balaka amawotcha dizilo popita ndi pobwerera. Koma kudula kwa ntchito n'chifukwa chabwino cholembera mtengo wake, osati choubisira. Khonsolo ikhoza kukhala pansi ndi okoka galimoto, makomiti a misika, mafumu ndi atsogoleri a madalaivala n'kugwirizana mtengo wa pa kilomita, wosiyana pa njinga yamoto, galimoto yaing'ono ndi lole, n'kumaukonzanso mafuta akasintha mtengo. Wokoka woona mtima sataya kanthu pamenepa. Wotaya ndi yekhayo amene amayamba wayang'ana nsapato za dalaivala asanatchule ndalama.

Ena afunsa kuti galimoto ikamasulidwa, mlendo wongodutsa adzapezeka kuti? Nkhawa iyi ndi yomveka, makamaka poti njinga zamoto zambiri zikuyenda zopanda nambala ndipo sizili m'kaundula wa nthambi yoona za pamsewu. Yankho lake ndi chikole cha ndalama m'malo mwa chikole cha galimoto. Dalaivala amene akutsutsa mtengo asiye ndalama yolembedwa pamndandanda wa khonsolo m'manja mwa munthu wapakati, monga kalaliki wa msika, alandire lisiti, atenge galimoto yake. Nkhaniyo imvedwe m'masiku owerengeka, ndipo wopambana atenge ndalamayo. Mwini malo sathawidwa, dalaivala naye ntchito yake siima.

Mphamvu yochitira zimenezi ilipo kale. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limalola makhonsolo kupanga malamulo a m'dera lawo. Lamulo loterolo linene zinthu zinayi: mwini malo aike chikwangwani choletsa kuimika galimoto, ayambe wafunafuna dalaivala asanakoke, adziwitse apolisi kapena komiti ya msika komwe galimoto yasungidwa, ndipo apereke lisiti yosonyeza ndalama yokokera payokha ndi yosungira payokha. Khonsolo imene imatolera ndalama ya msika tsiku lililonse ikonzenso malo oimikapo galimoto, chifukwa ambiri amaima pakhomo pa mwini posowa kolowera.

Lamulolo lisanabwere, wogwiridwa galimoto asamenye munthu kapena kuthyola loko. Ajambule pafoni pomwe galimoto idaima ndi momwe ilili, aitane mboni, ndipo ngati akakamizika kupereka, alembetse ndalamayo papepala pamodzi ndi mawu oti wapereka koma sakugwirizana nayo. Pepalalo akhoza kupita nalo kwa mfumu, kupolisi kapena kubwalo la majisitileti. Ngati wokokayo ndi kampani, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limamva madandaulo a ogula; ngati ndi ofesi ya boma, gawo 43 la malamulo aakulu limamupatsa ufulu wouzidwa zifukwa molemba, ndipo ofesi ya Ombudsman ilipo. Koma njira zonsezi n'zazitali kwa munthu amene amadya za tsiku lomwelo. N'chifukwa chake makhansala a Machinga ndi Balaka akuyenera kuika nkhaniyi pamndandanda wa zokambirana zawo, mtengo ulembedwe ndi kupachikidwa pamsika pomwe aliyense angauwerenge.