Satifiketi Siima pa Bolodi

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuwerenga makalata a achinyamata ofunsira ntchito. Onsewo ali ndi MSCE, kutanthauza kuti Chingerezi adakhoza, pakuti a MANEB sapereka satifiketi imeneyi kwa wolephera phunziroli. Komatu ambiri kalata ya mizere khumi imawakanika. Ndikana kuloza chala anawo. Tiyeni tifunse za amene adawaphunzitsa.

Pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, ana adasefukira. Mu 1998 boma lidasandutsa ma DEC kukhala ma CDSS, koma aphunzitsi oyenera sukuluzo kudalibe. Adangotapa aphunzitsi a pulayimale n'kuwapatsira Shakespeare m'manja. Anthuwa sindikuwanyoza ayi, adasenza katundu wosakhala wao. Chodandaulitsa n'chakuti mankhwala amene tidapeza ndi pepala. Munthu akabwera ndi dipuloma ya ku Domasi kapena ku Nalikule, digiri ya ku Zomba kapena ku Mzuzu, timati basi vuto latha.

Latha bwanji? Digiri imachitira umboni kuti mwini wake adakhoza mayeso. Sinena ngati angathe kutsegula pakamwa pa mwana wa Fomu 1 wochokera kumudzi, amene Chingerezi amachimva m'kalasi mokha. Alipo aphunzitsi a mapepala okongola amene ntchito yao ndi kulemba manotsi pa bolodi, ana n'kumakopera mpaka belu kulira. Buku lenilenilo ana saligwira, amangoloweza chidule chake ngati katekisimu. Chimangirizo amalemba kamodzi pa teremu, chifukwa ndani angachonge makope a kalasi yodzaza mpaka pakhomo? Kuyankhula ndiye kudasiyidwira kalabu ya mtsutso, komwe kumapita ana ochepa omwe amatha kale.

Lamulo la maphunziro la 2013 lidakhazikitsa bungwe la Teachers Council of Malawi kuti lizilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso. Ganizo labwino, koma ngati chiphasocho chingatuluke pongoona mapepala ndi risiti ya malipiro, ndiye kuti tangosanjikiza pepala pa pepala linzake. Ine ndikuti wopereka chiphaso akakhale kumbuyo kwa kalasi, amve mphunzitsiyo akuphunzitsa, avundukule makope aone ngati muli inki yofiira, kenaka aitane mwana mmodzi wa kumzere wakumbuyo kuti afotokoze m'Chingerezi zimene wamva. Akatero ndiye asaine.