Mafuta amene tilipirira athera ku mabuleki

Bungwe la ERB likangolengeza mtengo watsopano wa mafuta, nkhani m'basi imakhala imodzi cabe: ba kondakita akweza zingati manje? Ine nifuna tifunsenso funso lina. Mafuta amene tilipirira aja amagwira nchito yanji?

Asayansi amati mphamvu sizilengedwa ndipo sizitha, zimangosintha maonekedwe. Mu lita ya petulo kapena dizilo muli mphamvu zosungidwa, monga mmene zilili m'thumba la malasha, mu batire ya foni na mu nsima imene mwadya. Injini ikaocha mafuta, mphamvu zija zimasanduka kuzungulira kwa mawilo, kutentha na phokoso. Zofika ku mawilo n'zocepa, kawirikawiri zosafika gawo limodzi mwa magawo atatu. Zambiri zimatayika ngati kutentha. Amene anakhalako kumbuyo kwa dilaiva mu Hiace, maondo atagunda pa injini mwezi wa Okutobala, adziwa zimene nikamba.

Basi ikayamba kuthamanga, mphamvu zimakhala mu liwiro lake. Dilaiva akaponda mabuleki, zonse zija zimasanduka kutentha pa zitsulo za ku mawilo. Kafungo kopserera kamene timamva basi ikaima mwadzidzidzi ni ndalama zathu zikupsa. Kuti inyamukenso, ifunika mafuta ena.

Tsono pali masamu amene aliyense wokwera basi afunika kudziwa. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu zimawirikiza kanayi. Basi yoyenda makilomita 80 pa ola ili na mphamvu zoculuka kanayi kuposa yoyenda 40, ndipo mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse nawonso ni kanayi. Mwana wa sukulu akalowa mu msewu mosayembekezera pa Kafue Road kapena pa Great East Road, kusiyana kumeneko ndiye moyo wake. Mabuleki akalephera kumeza mphamvu zija, zimapita kwina: zimapinda zitsulo, zimaphwanya magalasi, zimathyola mafupa.

Ku nyumba phunziro ili tinaliphunzira kale, ndipo movutikira. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse. Tonse tinaona kuti madzi osungidwa kuseri kwa damu ndiwo amagwa n'kuzungulitsa makina, makina n'kupanga magetsi, magetsi n'kukhala kuwala, kuzizira kwa fuliji na nyimbo pa wailesi. Ambiri tinacotsa mababu akale a mawati 60, amene amatentha kwambiri kuposa kuwala, n'kuika a LED a mawati 9. Tinayamba kuvinikira poto pa mbaula kuti malasha asathe msanga. Nanga n'cifukwa ciani nzeru yomweyo timaisiya pa geti tikapita ku siteshoni?

Onani zimene zicitika m'mawa uliwonse. Basi ili pa siteshoni, injini ilira, dilaiva aponda mafuta kuti tiganize yatsala pang'ono kunyamuka, pamene mipando isanu ikalibe anthu. Ikanyamuka, ni mpikisano na basi inzake kulimbirana munthu mmodzi woima kutsogolo, kenaka mabuleki. Nidziwa kuti ba dilaiva ali na cashing yopereka kwa mwini basi madzulo, ndipo si yaing'ono. Koma kuyendetsa kotere kumadya mafuta omwewo amene akanatsala m'thumba mwawo, kumathetsanso mabuleki na matayala msanga.

Nafenso okwera tili na mbali yathu. Mau akuti "ba dilaiva, tacedwa ise" amamveka m'mabasi ambiri opita ku Kulima Tower na ku City Market, ndipo dilaiva amawamva. Pempho langa ni ili: tinyamuke ku nyumba msangako, ndipo basi ikayamba kuuluka, tisakhale cete kuyembekeza kuti wina akambe. Kunena mwaulemu kuti "ba dilaiva, cepetsankoni" sikucotsa munthu ulemu. Mukakamba inu, mnzanu wa pambali nayenso adzapeza pakamwa.