Mabuku a ubatchala aja analembera anthu ena, amwene

Amwene, ma PDF amene mukutumizirana aja ndawaona, ndipo lero ndiyankhulapo. Wokwiya akwiye. Sabata iliyonse kukubwera buku latsopano lophunzitsa mwamuna wosakwatira momwe angakhalire. Lina ndi la abusa a ku America, lina ndi la mnyamata wa ndevu wojambulitsa pafupi ndi galimoto lodula. Anyamata akutha bandulo, ena mpaka kukasindikiza pa Liwonde, ndipo padoko payamba kumveka Chingerezi chachilendo: uyu ndi alpha, uyo ndi simp. Munthu sanalawe kanthu chidzukireni koma akuti ndi alpha.

Kuwerenga sindikudana nako ayi. Bwenzi zili bwino tonse tikanamawerenga ngati momwe timaonera mpira. Chimene chikundiwawa n'chakuti mabukuwa analembera munthu wina, ife n'kumawameza ngati mankhwala athu.

Mukudziwa kuti ine ndimadya za mainjini a maboti. Injini iliyonse imabwera ndi buku lake. Yamaha Enduro ya 15 ija ndi two-stroke: oyilo umasakaniza ndi petulo mu thanki momwemo, lita imodzi ya oyilo pa malita 50 a petulo. Four-stroke ndi ina, oyilo ali ndi malo akeake, ndipo buku lake limakuuza kuti mu thanki uthire petulo yekha. Bukulo silinama. Koma litenge ukatsatire pa Enduro, uthire petulo wopanda oyilo, uone ngati ukafike kutsidya. Pisitoni imagwira, injini n'kufa uli pakati pa madzi. Umenewo ndiye mlandu wanga ndi mabuku a ubatchalawa.

Tamuonani batchala wa m'mabukumo. Ali ndi nyumba ya lendi yakeyake. Amalandira pakutha pa mwezi, mwezi uliwonse. Akadwala pali inshuwalansi. Makolo ake ali ndi penshoni, samudikira iye kuti agule feteleza. Vuto lake lalikulu ndi kusungulumwa Loweruka madzulo. Ndiye wolemba amamuuza kuti dzikonde, ndalama zako uziike pa iwe mwini, ndipo aliyense wokudyera umutaye.

Tsopano bwerani kwathu kuno, ku Mposa, ku Namanja, ku Ntaja, ku Ulongwe. Kwa ambiri a ife, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, ana ndi a kuchikazi. Munda umayenda mwa akazi. Mwamuna akakwatira amanyamula kachikwama kupita kuchikamwini. Ndiye batchala ali pati? Munda umene akulima ndi wa amayi ake, mawa udzakhala wa achemwali ake. Kanyumba kamene akugona kali pamalo a mbumba. Alibe mkazi, alibe mwana, koma ndi amjomba kale a ana anayi. Alamu anapita ku Joni chaka chachitatu chino, foni yawo sipezeka. Mwana akafuna yunifomu, amjomba. Makope, amjomba. Kabaza wopita naye kuchipatala usiku, amjomba. Munthu ameneyu mukumupatsa buku lophunzitsa kukhala wekha, iye chibadwireni sanakhalepo yekha.

Ndiye buku likati taya onse okudyera, ukataye ndani? Amayi ako? Ndamumvapo mnyamata wina akunena monyada kuti anasiya kutumiza ndalama kumudzi chifukwa akuzimanga yekha. Chabwino, zimange aise. Koma kumbukira kolera. Mliri uja unayambira m'boma lathu lomwe lino la Machinga mu Malichi 2022, ndipo pamene umatha unali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Asodzi a m'zimbowera pa Chilwa, ogona pamadzi ndi kumwa madzi omwewo, matendawa amawadziwa kuyambira kale. Ukagonekedwa pachipatala cha boma pa Liwonde, umafunika gadiyani wokuphikira phala, wokuchapira, wokugwira popita kuchimbudzi. Wapabanja ali ndi mkazi wake. Iwe batchala gadiyani wako ndi mchemwali yemwe uja unamubuloka pa WhatsApp. Inshuwalansi yathu ndi imeneyo, ndipo timailipira ndi yunifomu ndi makope aja. Wolemba wa ku Texas sangaidziwe, ndipo sindikumuimba mlandu. Ndikudabwa ndi iwe amene ukuidziwa.

Sindikunena kuti uzingopereka mpaka kutsala ndi kabudula yekha. Alipo achibale odya mopanda chisoni, tonse tikuwadziwa. Funso lenileni ndi lakuti upereke zingati, kwa ndani, ndipo ukane bwanji osadula ubale. Limenelo ndiye funso la batchala wa kuno, ndipo m'ma PDF onse aja mulibe tsamba ngakhale limodzi loliyankha.

Nkhani ya ndalama ndi chimodzimodzi. Amati uzisunga gawo la salale mwezi uliwonse. Salale yake iti? Ife ndalama imabwera ngati mvula ya chizimalupsa. Matemba akagwa, sabata ziwiri uli bwana. Kenako mphepo, kenako atseka nyanja kuti nsomba ziswane, miyezi ikudutsa uli manja lende. Ndipo Chilwa ndi nyanja yoti imatha kuchoka osatsanzika. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pamatope ong'aluka. Ukati usunge ndalama mu foni, kumbukira Novembala 2023 pamene kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi mbuzi, malata kapena ukonde anagona tulo. Amene anali ndi manambala mu foni anadzuka atasauka, ndipo mtengo wa pulagi ndi oyilo ndinauona ine ukuthawa.

Ndiye tinene kuti wagula malata. Ukakhome pati? Apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo akuluakulu satiuza bwinobwino. Ukamanga pamalo a amayi, nyumbayo mawa ndi ya mbumba. Ukadikira kuti ukamange kuchikamwini, banja likadzatha udzachoka ndi kachikwama komwe unabwera nako, nyumba ya malata n'kutsala. Ndi angati amene tawaona atabwerera kwawo ali ndi imvi, kukagona m'kanyumba kamene anagonamo ali mnyamata? Nthawi yokhayo imene mwamuna wa kuno angagule puloti yakeyake, pa Ntaja kaya pa Ulongwe kaya pa Liwonde, popanda kukangana ndi wina aliyense, ndi nthawi ya ubatchala. Ugule pamaso pa amfumu, pakhale mboni, pakhale pepala losainidwa, ndipo ufufuze ngati malowo sanagulitsidwe kale kwa anthu awiri. Zaka zimenezi ndi zochepa ndipo sizibwerera. Ife tikuzithera pa kuphunzira kayendedwe ka alpha.

Ena muti, ife sitiwerenga za ma alpha, timawerenga za Mulungu. Tiyeni tikambe. Buku lotchuka kwambiri la mtundu umenewo ndi I Kissed Dating Goodbye. Analemba Joshua Harris ali ndi zaka 21 zokha komanso asanakwatire, ndipo linatuluka mu 1997. Linagulidwa makope oposa miliyoni. Mu 2018 mwini wakeyo anapepesa kwa anthu amene bukulo linawapweteka, ndipo anauza osindikiza kuti alisiye. Mu 2019 analengeza kuti wasiyana ndi mkazi wake, kenako ananenanso kuti sakudziwerengeranso ngati Mkhristu. Sindikumuseka, munthu analimba mtima kunena poyera. Koma mwini buku analitaya, ife kuno tikulitumizirana ngati latuluka dzulo. Zili ngati kaunjika, eni ake anavula kalekale ife ndiye tikutchena.

Za Andrew Tate ndingonena mwachidule. Anamangidwa ku Romania mu Disembala 2022, ndipo anamutsegulira milandu yokhudza kuzembetsa anthu ndi kugwiririra. Iye amakana, makhoti ndiwo adziwe. Ine changa ndi chiphunzitso chimene anyamata atolako kwa iye ndi anzake, choti mkazi ndi mdani wobwera kudzakudyera. Aise, tapita padoko m'mawa uone amene akugula nsomba zako. Ndi azimayi. Ndiwo akuyanika matemba, akuwamba milamba, akukwera nazo malole mpaka ku Limbe. Mafuta akakuthera amene amakukongoza ndi mayi wa geni. Ambiri a iwo ali ku banki m'khonde ndipo ndalama amaisunga kuposa iwe ndi ine. Ukuchita mwano ndi msika wako womwe chifukwa cha kavidiyo ka pa TikTok?

Ndipo pali nkhani ina ya padoko imene mabuku onse awiri, a tchalitchi ndi a ma alpha, sangaikhudze. Nsomba zikachepa, ena mwa ife amauza mzimayi kuti ndikugulitsa iwe ukandionetsa chikondi. Tisanamizane, zimachitika. Buku lina likuuza kuti usayang'ane n'komwe mkazi, lina likuuza kuti ugone ndi ambiri kuti uoneke mwamuna. Palibe limene likukuuza kuti mzimayiyo akuvomera chifukwa ana kunyumba alibe ufa, kuti madoko ndi atatu kapena anayi amene tonse timazungulira, kuti kondomu ndi yaulere kuchipatala, ndipo kuyezetsa magazi sikutenga ngakhale ola limodzi. Ma ARV alipo ndipo anthu akukhala nawo moyo, koma amafuna kumwa tsiku ndi tsiku, osati kuwasiya kumtunda iwe uli m'zimbowera mwezi wathunthu.

Akuluakulu nanu musaombe m'manja, sindili mbali yanu. Inu buku lanu ndi la mawu awiri: kwatira ukhazikike. Mnyamata akamamwa, mupezereni mkazi. Akamaononga ndalama, mupezereni mkazi. Ngati kuti mwana wa eni ake ndi garaja yokonzera anyamata owonongeka. Injini yoti ikudontha oyilo siisiya kudontha chifukwa waimangirira pa boti latsopano. Ndipo nthawi zambiri mkazi amene mumamupezayo ndi mwana wa sukulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo avomereze, wosakwana 18 asakwatiwe. Mnyamata wa zaka 27 amene akusonkhanitsa njerwa zake mwakachetechete musamamufunse pamaliro paliponse kuti tidya liti mpunga. Mukumukankhira ku ukwati umene sanakonzeke, kapena ku mabuku amene akumuuza kuti nonsenu ndinu adani ake.

Ndiye titani? Buku lathu kulibe chifukwa sitinalilembe. John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo polankhula ndi achinyamata a nthawi yake, m'chinenero chawo, ndi zitsanzo za m'mudzi mwawo. Nthawi imeneyo kunalibe Joni wa pa WhatsApp, kunalibe kubetcha mpira pafoni, kunalibe Airtel Money yoti achibale akupeze ngakhale uli pakati pa nyanja. Pa Balaka pomwepa pali Montfort Media, ali ndi makina osindikizira ndipo akhala akutulutsa nyuzipepala ya Mkwaso m'Chichewa. Makina ali pafupi. Chosowa ndi zolemba, ndipo zolembazo zili m'mitu mwathu: wina anamanga kuchikamwini n'kuluza, wina anagula puloti ya anthu awiri, wina anapita ku Joni n'kubwera ndi injini yake, wina anabwera ndi chikwama chokha. Aliyense mwa amenewa ali ndi mutu umodzi wa buku, m'Chichewa kaya m'Chiyao.

Ine ndiyamba ndi mutu wa puloti. Amene munagulapo malo musanakwatire, kaya zinayenda kaya zinavuta, nditumizireni voice note. Munene kuti ndi dera liti, munadutsa kwa amfumu ati kapena ofesi iti, pepala analemba ndani, ndipo achibale anati chiyani atamva. Maina a anthu sindidzalemba. Amene simukonda kujambula mawu mundipeza kogwirira ntchito masana aliwonse kupatula Lachisanu, mubwere tidzakambe ndikutsuka makabuleta.