Musaitaye kompyuta yakaleyo musanamve kulira kwake

Pali chizolowezi china chomwe chakhazikika m'maofesi, m'sukulu ngakhalenso m'makomo. Kompyuta yakale ikangokana kuyaka, chigamulo chimakhala chimodzi: yafa basi. Imanyamulidwa n'kukaunjikidwa m'chipinda chosungiramo katundu pamodzi ndi mipando yothyoka, ndipo nkhani yake imathera pomwepo.

Ine ndikuti chigamulo chotere n'chopupuluma. Makinawa timawaweruza osamva mbali yawo, chikhalirecho amene anawapanga anawapatsa pakamwa poti azinenera okha pomwe pakuwawa. Vuto ndi lakuti ambiri sitinaphunzire chinenero chake.

Nkhani yake ili motere. Mukadina batani loyatsira, Windows kapena DOS isanayambe n'komwe, pamakhala kapulogalamu kena kamene kamadzuka koyamba. Kameneka sikakhala pa hard disk ayi. Kanalembedwa m'kachipangizo kakang'ono komwe kali pa motherboard, lija ndi thabwa lalikulu lomwe ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Dzina lake ndi BIOS, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kuyendera ziwalo za makinawo chimodzichimodzi n'kuona ngati zili bwino. Kuyendera kumeneku amakutcha Power-On Self-Test, mwachidule POST, kutanthauza kudziyeza yokha pomwe yangoyatsidwa.

Nzeruyi inafala ndi kompyuta ya IBM PC, ya mtundu wa 5150, yomwe inatuluka m'mwezi wa August 1981 ku America. Inapangidwa ku Boca Raton m'chigawo cha Florida ndi gulu la akatswiri lomwe ankalitsogolera ndi Don Estridge, ndipo mkati mwake munali purosesa ya Intel 8088. Kampani ya IBM inasindikiza BIOS yonse m'buku lofotokoza za makinawo, moti mmisiri aliyense ankatha kuwerenga ndondomeko ya mayesowo mzere ndi mzere. Makampani ena monga Compaq, Phoenix, Award ndi American Megatrends, yomwe ambiri amangoiti AMI, anadzalemba ma BIOS awo, koma onse anasunga mwambo wodziyezawu.

Mayesowa amayenda mwa ndondomeko, ndipo apa mpamene pagona phindu lake. Amayamba ndi purosesa. Kenako BIOS imadziwerengera yokha kuti ione ngati zolembedwa zake sizinasokonekere. Ikatero imayeza tizipangizo towerenga nthawi ndi toyendetsa uthenga, kenako chigawo choyambirira cha RAM, momwe kompyuta imasungiramo zinthu pomwe ikugwira ntchito. Zikatheka izi m'pamene imadzutsa khadi lotumiza zithunzi ku sikirini, n'kupitiriza ndi RAM yotsala, kiyibodi komanso ma disiki.

Ndiye taganizani. Ngati vuto lapezeka sikirini isanadzuke, makinawo angakuuzeni bwanji? N'chifukwa chake muli kasipika kaja. Ntchito yake yaikulu pa nthawi imeneyi ndi kulira mwa chiwerengero. Pa makina a IBM, kulira kamodzi kwakufupi ndi uthenga wabwino, zonse zili m'malo. Kulira kamodzi kotalika kotsatana ndi kuwiri kwakufupi ndiye kuti vuto lili pa khadi la zithunzi. Kamodzi kotalika ndi kamodzi kakufupi, kayang'aneni motherboard.

Koma chenjerani, chifukwa aliyense ali ndi chinenero chake. Pa BIOS zakale za AMI, kulira katatu kumaloza ku chigawo choyamba cha RAM, kasanu ku purosesa, ka 6 ku kachipangizo koyang'anira kiyibodi, pomwe ka 8 ndi khadi la zithunzi. Ya Phoenix imalira m'magulumagulu, kupumira pakati, moti mumayenera kulemba papepala kuti gulu loyamba kangati, lachiwiri kangati. Choncho chinthu choyamba ndi kudziwa kuti BIOS yanuyo ndi ya kampani iti. Nthawi zambiri dzinalo limakhala pa kapepala komatidwa pa kachipangizoko. Safunsa anadya phula.

Sikirini ikadzuka, makinawo amayankhula ndi manambala. Pa makompyuta akale a IBM, 201 ndi vuto la RAM, 301 ndi kiyibodi, 601 ndi makina owerenga disiketi, ndipo 1701 ndi hard disk. Pa 5150, kutsogolo kwa 201 kumabweranso nambala ina yomwe imaloza mzere ndi kachipangizo kenikeni ka RAM komwe kalakwa. Mmisiri wodziwa kuwerenga nambalayo amasintha kachipangizo kamodzi kokha m'malo motaya thabwa lonse.

M'chaka cha 1984 IBM inatulutsa mtundu wa PC AT, womwe unabweretsa zinthu ziwiri zofunika pa nkhani yathuyi. Choyamba ndi batire losunga nthawi komanso makonzedwe a makinawo pomwe azimitsidwa. Batireli likatha mphamvu, AT imaonetsa 161 kapena 163, ndipo makina a pambuyo pake amalemba zoti CMOS yasokonekera. Pa makompyuta ambiri a m'zaka za m'ma 1990 kupita mtsogolo, batireli ndi kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032 ka mavoti atatu, komwe kamapezeka ngakhale kwa ogulitsa mawotchi. N'zomvetsa chisoni kuti kompyuta ingathe kukhala chaka chathunthu m'chipinda chosungiramo katundu chifukwa cha kabatire kotere.

Chachiwiri, AT isanayambe yeso lililonse imayamba yatumiza nambala ya yesolo pa khomo lina la mkati lotchedwa port 80. Pali kakhadi kotsika mtengo, POST card, komwe mumakalowetsa pa motherboard ndipo kamaonetsa nambalazo pomwe zikudutsa. Makinawo akaima, nambala yomwe yatsala pa kakhadiko imakuuzani yeso lomwe lawakanika, ngakhale sikirini ili bii ndipo sipika ili chete.

Makampani enanso anali ndi njira zawo. Macintosh ya Apple, yomwe inatuluka mu 1984, inkaonetsa kankhope kokwinya pamodzi ndi manambala ikapeza vuto. Amiga ya kampani ya Commodore inkagwiritsa ntchito mitundu: sikirini ikaima pa mtundu wobiriwira ndiye kuti RAM yavuta, ikakhala yofiira vuto lili pa ROM. Onsewa anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti makina odwala aziyamba anena okha chomwe chawavuta.

Nanga ikangokhala duu, osalira, osaonetsa kanthu? Kumeneko nakonso ndi kuyankha. Kukusonyeza kuti mayeso sanayambe n'komwe, kapena aima koyambirira kwenikweni. Bokosi logawa magetsi, power supply, limayenera kutulutsa mavoti 5 ndi 12, ndipo likaona kuti mphamvuzo zakhazikika limatumiza chizindikiro chotchedwa Power Good. Popanda chizindikirochi purosesa siyamba ntchito. Choncho kukakhala chete, mmisiri amayamba n'kuyeza magetsi. Anthu osunga makompyuta a IBM a m'ma 1980 amadziwa bwino kuti tima capacitor ta mtundu wa tantalum tikakalamba timachita shoti, ndipo power supply imadzizimitsa yokha podziteteza, fani n'kungogwedezeka pang'ono n'kuima. Wosadziwa amagula power supply ina, chonsecho wolakwa ndi kanthu kochepa ngati njere ya nyemba.

Pali njira imodzi yomwe amisiri odekha amaitsata. Amazula chilichonse chosafunika poyatsa, monga ma disiki ndi makhadi owonjezera, n'kusiya motherboard, purosesa, RAM, power supply ndi sipika. Makinawo akalira modandaula kuti sakuona khadi la zithunzi, ndiye kuti mtima wake ukugunda. Kenako amabwezera ziwalozo chimodzichimodzi mpaka vuto litabwereranso, ndipo chomwe chabwezedwa komalizacho ndiye mwini mlandu. Pa makina a pambuyo pake ena amachita kuzula dala RAM yonse. Kompyuta ikalira chifukwa chosowa RAM, amadziwa kuti purosesa ndi BIOS zili moyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ndisakunamizeni kuti POST ndi mlosi wodziwa zonse. Iyo imangokuuzani pomwe mayeso aimira. Chomwe chachititsa muyenera kuchifufuza nokha. Ikanena kuti RAM yavuta, mwina ndi RAM yeniyeniyo, koma mwinanso ndi fumbi kapena dzimbiri pa mano ake, kapena yangosuntha pang'ono m'malo mwake chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri. Pa makina a 386 ndi 486, batire looneka ngati kambiya lomwe linkawotchereredwa pa motherboard limatha kudontha n'kudya timizere ta kopa tomwe tili pafupi. Zikatero makinawo akhoza kudandaula za kiyibodi, pomwe kiyibodiyo ilibe vuto lililonse. Palinso makina ambiri opangidwa pakati pa 1999 ndi chapakati pa zaka za m'ma 2000 omwe anatuluka ndi ma capacitor osalimba, omwe amatupa pamwamba. Otere amatha kudutsa POST bwinobwino n'kudzazima pakati pa ntchito. Khutu limayamba, koma diso ndi kachipangizo koyezera magetsi ziyenera kutsatira.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi. Adzati kompyuta ya zaka 20 kapena 30 ndi yochedwa, imadya magetsi, ndipo singalowe pa intaneti motetezeka. Pa mfundo ya chitetezoyi akunena zoona, ndipo palibe wanzeru amene angalangize munthu kuti azitumizira ndalama pa makina a Windows 98. Koma si kompyuta iliyonse yomwe ntchito yake ili pa intaneti. Ina imaphunzitsa mwana kutayipa. Ina imasunga kaundula yemwe sanakoperedwe kwina kulikonse. Ina imayendetsa makina a m'fakitale kapena osindikizira omwe pulogalamu yake siigwira pa kompyuta zatsopano. Kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amasunga makinawa ngati chuma cha mbiri, kukonza ndi chisangalalo chabe. Kwa ife kuno, komwe makompyuta ambiri m'sukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono anabwera atagwirapo kale ntchito kunja, kukonza ndi nkhani ya m'thumba.

Komanso mulu wa zotayidwa ukungokulirakulira. Lipoti la mabungwe a United Nations lotchedwa Global E-waste Monitor, lomwe linatuluka mu 2024, linati m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomwe zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo. Kampani ya Microsoft nayo inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imakana makina ambiri akale. Apa n'zachidziwikire kuti makompyuta ochuluka otha ntchito kwa eni ake akusaka kolowera, ndipo ena mwa iwo atsikira kuno. Tikawalandira opanda luso lowayeza, tidzakhala dzala la anzathu.

Chondidandaulitsa n'chakuti lusoli likuzilala. BIOS yakale ija inalowedwa m'malo ndi UEFI. Makina amakono amadziyezabe, koma amabisa zonse kuseri kwa chizindikiro cha kampani, ndipo ambiri amagulitsidwa opanda kasipika kaja. Ena amaphethira timagetsi m'malo molira. Wachinyamata amene waphunzirira pa makina otere amazolowera njira imodzi yokha: sintha ichi, sintha icho, mpaka iyake, ndipo ndalama ya chiwalo chilichonse imachoka kwa mwini kompyuta. N'chifukwa chake ndikuona kuti sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zikanachita bwino kusunga makina akale angapo ophunzirirapo. Kompyuta yakale imaonetsa poyera sitepe iliyonse, ndipo amene wamvetsa ndondomekoyo pa 486 sadzasochera pa makina a lero.

Kwa inu eni makompyuta, ufulu wanu ndi kufunsa. Wokonza akakuuzani kuti motherboard yapsa, mufunseni mwaulemu kuti inalira kangati, inaonetsa nambala yanji, ndipo magetsi anawayeza n'kupeza chiyani. Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere, amayankha mokondwa. Amene akuzemba, tengani katundu wanu mukayese kwina. Musanapite n'komwe kwa wokonzayo, yatsani makinawo pamalo opanda phokoso, werengani kulirako, ndipo lembani chilichonse chomwe chaoneka pa sikirini.

Chenjezo lokha ndi ili: zulani chingwe cha magetsi musanatsegule bokosi, ndipo gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze ziwalo za mkati. Power supply ndi sikirini zakale zija za chimimba musazitsegule nokha, chifukwa zimasunga magetsi oopsa ngakhale zitazimitsidwa. Zimenezo asiyireni odziwa.

Akuluakulu a sukulu ndi maofesi, musanasaine chikalata chotaya makina omwe aunjikana m'chipinda chija, itanani mmisiri awayatse amodziamodzi ndipo alembe zomwe aliwonse anena. Ena adzapezekadi kuti anatheratu, ndipo amenewo apereke ziwalo kwa anzawo. Koma musadzadabwe kupeza kuti angapo ankangofuna batire latsopano ndi kupukutidwa fumbi.