Tsiku limene mkulu wa mpingo adakwera kangolo ka m'mwamba

Alipo mafunso amene sitiwamva paguwa, chonsecho amavuta m'nyumba zathu mwezi uliwonse ukatha. Limodzi mwa mafunsowo ndi ili: kodi Mkhristu amene watenga ndalama ya thukuta lake n'kupita nayo kukasangalatsa ana ake, wachita mwanzeru kapena wasakaza? Ambiri a ife tidaleredwa ndi yankho lokonzeratu. Tidauzidwa kuti ndalama ndi ya ufa, ya fizi, ya feteleza ndi ya chakhumi, ndipo yotsala, ngati ilipo, ndi yodikira matenda ndi maliro. Kusewera n'kwa anthu osowa chochita.

Nafenso tidali ndi maganizo omwewo kufikira pamene tidakacheza kwa mlamu wathu ku Durban, m'dziko la South Africa, mwezi wa Disembala mliri wa Covid-19 usanabwere. Mlamu wathuyo ndi telala, komanso mkulu wa mpingo pakati pa Amalawi amene amasonkhana kudera lakwawoko. Ndi munthu wolimbikira zedi. Makina ake amayamba kulira kusanache, ndipo ndalama imene amapeza imadyetsa makomo atatu kuno kumudzi. Panthawiyo n'kuti atakhala mumzindawo zaka 9, koma nyanja yamchere ankangoionera pawindo la minibasi. Mwana wake wamkazi, wa zaka 8, adakhala akupempha kuti tsiku lina adzapite naye kumalo a masewera a m'mphepete mwa nyanja, ndipo yankho lidali limodzi chaka ndi chaka: tidzapita chaka chamawa.

Chidamugonjetsa ndi ulendo wathuwo, pakuti mlendo sabwerera osaona mudzi. Loweruka lina tidanyamuka tonse kupita kugombe lotchuka lija limene amalitcha Golden Mile. Pamenepo, pakati pa mahotela ataliatali ndi mchenga wa Indian Ocean, padali malo a masewera otchedwa Funworld. Mudali akatungwe ozungulira, timahachi tamatabwa, timagalimoto timene ana amagundanitsa dala kwinaku akufa nalo phwete, ndi zina zimene munthu wamkulu amangoziyang'ana mutu n'kuyamba kuzungulira. Koma chimene chidakopa maso a mwana uja ndi timangolo toyenda m'mwamba, timene eni dziko amati cable car.

Kapangidwe kake si kovuta kumva. Chingwe chimodzi chachitsulo, cholukidwa ndi mawaya ambiri, chimazungulira pa mawilo awiri akuluakulu, lina kuno lina uko. Injini imatembenuza wilo limodzi, chingwe n'kumayenda, ndipo timangolo tolenjekeka pa chingwecho timatengeka nacho. Pakati pamakhala nsanamira zachitsulo zochirikiza chingwe, ndipo kangolo kakamadutsa pa nsanamira kamagwedezeka pang'ono. Kugwedezeka kumeneko n'kumene kumaulula amene ali ndi mantha.

Mlamu wathu atamva mtengo wa tikiti adaiwerengera pomwepo m'mabuledi ndi m'mamita a nsalu. Adatiyang'ana nati, “Alamu, ndalama imeneyi kumudzi ndi ndiwo za masiku angapo. Ndikaimirira bwanji pamaso pa Mulungu nditaimwaza m'malere?” Mwana sadalire ayi. Adangogwira dzanja la bambo ake nati, “Ababa, mudati chaka chamawa. Chaka chamawacho si chino?”

Adakwera. Ife tidali m'kangolo ka m'mbuyo mwawo, ndipo tidaona zonse. Mkulu wa mpingo amene saopa kudzudzula tchimo pamaso pa anthu adagwira chitsulo ndi manja onse awiri, maso ali tsinzi, milomo ikuyenda, ndipo sitikayika kuti lidali pemphero. Pa nsanamira yoyamba adakuwa. Pa yachiwiri mwana adamugwira phewa n'kumuloza sitima zikuluzikulu zimene zidaima patali panyanja kudikira kulowa padoko. Adatsegula diso limodzi, kenaka lachiwiri. Pofika pakati pa ulendo tidamva chinthu chimene mkazi wake adati adali asadachimve kwa nthawi yaitali: bamboyo akuseka mokweza, mpaka misozi.

Kangolo kotere sikathamanga, ndipo sungakafulumizitse. Sungatsike panjira kuti ukamalize diresi la kasitomala. Kwa mphindi zowerengekazo, munthu amene moyo wake wonse ndi liwiro adakakamizika kukhala phee pambali pa mwana wake, opanda china chochita koma kuona zimene mwanayo ankaona.

Pansi pathu padali khamu losaneneka, ndipo ambiri adali ana achikuda akuthamangitsana ndi mafunde. Tisaiwale kuti sizidali choncho kale. Pansi pa lamulo la tsankho la 1953 lolekanitsa malo a mitundu ya anthu, magombe abwino a mzindawo adasungidwira azungu okha, ndipo zikwangwani zoletsa ena zidalembedwa m'Chingerezi, m'Chiafrikaans ndi m'Chizulu kuti pasakhale wonamizira kusamva. Mu Novembala 1989 pulezidenti F.W. de Klerk adalengeza kuti magombe atsegukire anthu onse, ndipo lamulo lija lidathetsedwa mu 1990. Amene adakonza tsankho ankadziwa kuti kuletsa mwana wa munthu kusewera pamchenga ndi njira youzira makolo ake kuti iwo adabadwira ntchito basi. N'zomvetsa chisoni kuti chikwangwani chimene boma lidazula, ife makolo ena tidachidzalanso m'nyumba zathu, ndipo tidachilemba ndi mawu achipembedzo.

Tiyeni titsegule Buku Lopatulika pa Zekariya mutu 7 ndi 8. M'chaka chachinayi cha mfumu Dariyo, anthu amene adabwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo adatumiza nthumwi kukafunsa ngati apitirize kulira ndi kusala kudya monga adachitira zaka zambiri. Poyankha, Yehova adawajambulira chithunzi cha Yerusalemu wochiritsidwa. Tikadakhala ife, tikadajambula nkhokwe zodzaza ndi malinga olimba. Koma pa Zekariya 8:4-5 chizindikiro chimene Mulungu adasankha ndi nkhalamba zokhala m'makwalala ndi ndodo zawo m'manja, ndi anyamata ndi atsikana odzaza misewu akusewera. Sakutunga madzi, sakulondera mbuzi, sakugulitsa mandasi. Akusewera. Ndipo pa ndime 19 akulonjeza kuti masiku osala kudya aja adzasanduka masiku a chikondwerero.

Chodabwitsa china chili pa Deuteronomo 14:22-27, ndime imene alaliki ambiri amaidumpha akamaphunzitsa za chakhumi. Pamenepo Mwisraeli akulamulidwa kupatula gawo la zokolola zake kuti akadye ndi banja lake pamaso pa Yehova. Ngati ulendo watalika, agulitse zokololazo, anyamule ndalama, ndipo akafika agule chimene mtima wake wafuna, akondwere iye ndi a m'nyumba mwake, osaiwala Mlevi. Tikuona apa kuti chikondwerero cha banja chidali ndi gawo lake m'ndondomeko ya chuma cha munthu woopa Mulungu. Sichidali nyenyeswa zogwa patebulo.

Tikudziwa kuti ena awerenga izi nkhope itachita tsinya, ndipo zifukwa zawo si zopepuka. Adzatikumbutsa za Eksodo 32, pamene Aisraeli adadya, namwa, nanyamuka kukasewera pamaso pa fano la mwanawang'ombe, ndiponso kuti Paulo akutichenjeza za tsiku lomwelo pa 1 Akorinto 10:7. N'zoona. Ifenso tidaona pagombe paja mabotolo a mowa, ndi makolo amene adaledzera ana ali okha m'madzi. Kuno kwathu sitisowa umboni: pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, magalimoto amakhamukira ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo si onse amene amapitira kukalemekeza amayi awo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma tchimo la pa phiri la Sinai lidali fano, osati kuseka. Woledzera kunyanja ndi yemweyo amene amaledzera kumudzi, ndipo nyanjayo ilibe mlandu.

Ena adzati, inu mukulankhula za Durban, ife ngakhale ya sopo tilibe. Apa tiyenera kulankhula mosamala. Sitikunena kuti munthu akatenge katapila kuti ana akwere katungwe, kapena adye ndalama ya fizi n'kumati Zekariya adalola. Paulo akunenetsa pa 1 Timoteo 5:8 kuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Koma tidzifunse moona mtima ngati chimatiletsa nthawi zonse ndi umphawi. Alipo abambo amene sasowa ya mayunitsi a foni, ya chopereka chapadera pamene maina akuwerengedwa mokweza, ngakhale ya suti yatsopano ya kumsonkhano wa mpingo, koma mwana akapempha kukaona nyama ku Liwonde kapena kukwera phiri la Zomba, pomwepo ndiye amakumbukira kuti dziko lapansi likupita. Ndipo zambiri zimene ana amapempha sizilira ndalama konse. Mpira wachikulunga pabwalo, bawo pakhonde, nthano madzulo magetsi atazima: zonsezi zimalira nthawi yokha, imene timaipereka mowolowa manja ku makomiti a mpingo n'kuimana a m'nyumba mwathu.

Tinene mosabisa kuti ife atsogoleri a mipingo tili ndi gawo pa mlanduwu. Tadzaza sabata yonse ndi mapologalamu: Lolemba komiti, Lachitatu mapemphero a m'milaga, Lachisanu kuchezera usiku, Loweruka kwaya ndi maukwati. Munthu amene wapezeka ponseponse timamutcha wodzipereka, osafunsa kuti ana ake adamuona liti akumwetulira. Ophunzira a Yesu nawonso ankaganiza kuti Mbuye wawo ndi wotanganidwa kwambiri moti sangataye nthawi ndi tiana, ndipo Marko 10:13-16 akutiuza kuti Yesu adakwiya nawo, nawafungatira anawo. Yesu yemweyo, pa Marko 6:31, ataona kuti ophunzira ake akusowa ndi mpata wodyera womwe, adawatenga kuti akapumule kwa okha. Ntchito idalipo yambiri tsiku limenelo, odwala adalipo, koma adati apumule.

Mwana amene amadziwa bambo ake ngati wolipira fizi ndi wodzudzula basi, adzavutika kumvetsa tikamamuuza kuti Mulungu ndi Atate amene amakondwera naye. Adzamuona Mulungu ngati mwini sitolo wolemba ngongole m'kope. Ambiri mwa achinyamata amene achoka m'mipingo yathu sadachoke chifukwa chotsutsa chiphunzitso. Adachoka chifukwa chimwemwe adakachipeza kwina, kwa anthu amene sadawafunire zabwino.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu 2023 malo a Funworld adatsekedwa, atasangalatsa ana a mibadwo ingapo kwa zaka zoposa 70. Timangolo tija sitiyendanso. Mlamu wathu ndiye adatiimbira foni kutiuza nkhaniyi, ndipo mawu ake adali a munthu amene wapulumuka pangozi. Adati, “Alamu, ndikadanenanso kuti chaka chamawa kangapo konse, bwenzi pano ndikumuonetsa mpanda wokhawokha.”

Mtsikana uja tsopano ali ku sekondale, ndipo zoyenda atagwira dzanja la bambo ake adasiya. Pakhoma la chipinda chosokeramo, pamwamba pa makina, pali chithunzi chimene tidawajambula tsiku lija ali m'malere. Makasitomala akafunsa, telalayo amayamba ndi kukana kuti sadakuwe, ndipo mwana wake akakhala pafupi amamutsutsa pomwepo.